Mbona wandiletsa kunamiza ana

Sabata yatha ndinang'amba mitu itatu yathunthu ya buku limene ndikuphunzira kulemba. Ndakhala nalo miyezi isanu, ndi la achinyamata, la mizimu ndi zodabwitsa, koma ndinaliika m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1862. Mwini nkhani ndi Naphiri, mtsikana wachimang'anja wa zaka 14, yemwe mlongo wake wagwidwa ndi ogula anthu. Usiku uliwonse Naphiri amalota nsato ikumuitanira ku Khulubvi, nkhalango ija ya ku Nsanje ya Mbona, mzimu wa mvula wa Amang'anja.

M'mitu imene ndang'ambayo, zinthu zinkayenda bwino kwambiri. Naphiri afika ku kachisi, alira, nsato ituluka, ithamangitsa achifwamba, magoli athyoka okha m'makosi mwa akapolo, mvula igwa, mapira abereka. Ndinkadziona ngati katswiri. Kenako ndinawawerengera agogo anga, amene anakulira kumunsi kwa Shire komweko. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda mtedza m'lichero, ndipo anangoti, "Mdzukulu wanga, Mbona si galu wa uzimba woti ukamuimbira likhweru athamangire nyama." Sanaonjezerepo kanthu. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndiye ndinabwerera ku mbiri, kukawerenga modekha zimene poyamba ndinangodumphadumpha. M'mwezi wa July 1861, David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya mpingo wa Anglican yotchedwa UMCA anakumana ndi gulu la akapolo pamudzi wa Mbame ndipo anamasula anthu 84, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Ndi anthu amenewa anakayamba nawo mishoni ku Magomero. Bishopuyo sanakhalitse, anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo otsala aja anatsikira kwa Chibisa, dera la Chikwawa lero. Pamenepo ndi pamene chilala chinafika. Mvula inakana, nkhondo za akapolo zinali zitabalalitsa kale anthu m'minda mwawo, njala n'kumaliza otsala. Kumayambiriro kwa 1863, Livingstone akukwera Shire pa sitima yake ya Pioneer, mitembo inkayandama pamadzi mpaka kukola m'mapiko a sitimayo, ndipo m'mawa ankayamba aichotsa kaye asananyamuke.

Nditawerenga zimenezi ndinachita manyazi. Ine ndinali nditagwetsa mvula m'chaka chimene mvula sinagwe. Anthu enieni anapempha, anathira nsembe, anafa akudikira mtambo, ndiye ine ndabwera ndi cholembera changa n'kuwauza adzukulu awo kuti zonse zinatha bwino. Mwana wa Fomu 2 amene angawerenge buku langa mwina sadzakumananso kwina kulikonse ndi chaka cha 1862. Chimene ndimuuze ine ndicho adzanyamule.

Apa ndi pamene ndaphunzira chinthu chachikulu pa mtundu uwu wa nkhani. Ndili ndi ufulu wopeka Naphiri, mlongo wake, maloto ake, ngakhale mawu a mzimu. Koma chilala sichanga, sindingachisunthe. Mzimu uyenera kugwira ntchito yake mkati mwa zimene zinachitikadi, ndipo funso la buku lasintha. Poyamba linali lakuti, kodi Mbona awapulumutsa bwanji? Tsopano ndi lakuti, mtsikana amene akumva mawu a mzimu wa mvula m'chaka chopanda mvula achita chiyani ndi mawuwo? Funso lachiwirili ndi lopweteka, koma ndi limene likundidzutsa m'mamawa kuti ndilembe.

Mawu a agogo aja anandionetsanso kuti ndinkabwereka matsenga a m'mafilimu, a munthu wotambasula dzanja moto n'kutuluka. Kwa Amang'anja a nthawi imeneyo Mbona sanali nthano yosangalatsa ana, anali ndi malamulo ake. Ku Khulubvi sudula mtengo, sulowa chilowelowe, nsalu yoyenera ndi yakuda, mtundu wa mtambo wa mvula. Mzimuwo unali ndi mkazi wake wotchedwa Salima, amene ankakhala kufupi ndi kachisi, ndipo ankati unkam'yendera ngati nsato. Ngakhale imfa ya Mbona mwiniwake imandiphunzitsa luso: akuluakulu amasimba kuti adani ake analephera kumupha ndi zida zawo mpaka iye yekha atawaululira chomuphera, magazi ake n'kusanduka madzi, mutu wake n'kuikidwa ku Khulubvi. Mphamvu yoteroyo imadza ndi kutaya kanthu. Tsono ndamuikira Naphiri mtengo wake: akavomera kukhala pakamwa pa mzimu, sadzabwereranso kwawo ngati mwana wa munthu, ngakhale mlongo wake atapezeka. Wachinyamata aliyense amaudziwa mtolo woterewu, wosankhiridwa njira ndi akulu iwe mtima uli kwina.

Tizinthu ting'onoting'ono natonso tandivutitsa. Ndinali nditalemba kuti ogula anthu analowera ku Blantyre, pamene mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. Ndinamuveka Naphiri chitenje cha maluwa ndi kumupatsa machesi. Zonsezo ndafufuta. Tsopano amai ake amapota thonje lolima okha, ali ndi pelele pamlomo wapamwamba, atsibweni ake amasula makasu, ndipo moto ukazima amakapala kwa mnansi pa phale. Dzina loti Malawi silituluka pakamwa pa munthu aliyense m'bukumo monga dzina la dziko la boma. Anthu amadziwa mfumu yawo, Lundu, ndi mtsinje wawo.

Chimene sindinathane nacho ndi mitembo ya pa Shire ija. Owerenga anga ndi a zaka 13 mpaka 15. Mnzanga wa m'gulu lathu lolemba akuti ndiichotse, ana angaope. Ine ndikukana. Ana athu amapita kumaliro, amaona kusefukira kwa madzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, imfa si mlendo kwa iwo. Chimene ndasankha ndi kusaionetsa yonse. Naphiri apita kudooko ndi mtsuko, aona chibangili cha mkuwa chonga cha azakhali ake chikudutsa pa dzanja loyandama, abwerera mtsuko uli wouma, ndipo amai ake samufunsa chifukwa.

Dzulo ndalemba mutu wa 9 kachiwiri. Naphiri wafika ku Khulubvi wopanda kanthu kumapazi, miyendo itatupa, wagwada kunja kwa kachisi usiku wonse. Nsato yabwera mbandakucha, yadutsa pa mapazi ake, yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Sinathyole goli, sinabweretse mtambo. Yangomuuza dzina la dooko limene mlongo wake adzaolotsedwe pakapita masiku atatu, ndi chimene iye apereke posinthana ndi mawu amenewo. Loweruka ndikawawerengeranso agogo.