Usiku umene makina anga a mphepo anagwiradi ntchito

Pabokosi la makina opangira magetsi ndi mphepo panalembedwa mawati 400. Ndinawerenga nambalayo n'kusiya timalemba ta m'munsi, toti mawati amenewo amatuluka mphepo ikamathamanga mamita 12 pa sekondi. Imeneyo ndi mphepo yolanda munthu ambulera, osati kamphepo kayaziyazi kamene kamagwedeza zovala pachingwe.

Makinawo anali a mapiko atatu, ozungulira bwalo la mamita 1.2 m'mimba mwake. Ndinawamanga padenga, poganiza kuti nyumba ndi mlongoti waulere. Usiku woyamba mayi a m'nyumba anandigwedeza. "Bambo, padengapa pali chigayo?" Kunjenjemera kwa makina kumatsika ndi paipi, kulowa m'mitengo ya denga, malata n'kukukuza ngati ng'oma. Komanso mphepo ikamenya khoma imavundukavunduka, moti mchira wa makinawo unkangotembenukira uku ndi uku ngati galu wosowa pogona. Phokoso lonselo, mita inkaonetsa mawati 6.

Apa m'pamene ndinabwereka kachipangizo koyezera liwiro la mphepo, ntchito yoyenera kuchitika ndisanagule kalikonse. Masiku ambiri kankaonetsa mamita 4 pa sekondi. Munthu angaganize kuti 4 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a 12, ndiye magetsi akhala mawati 130 kapena kuposerapo. Ayi ndithu. Mphamvu ya mphepo imatsata liwiro lodzichulukitsa lokha katatu, ndiye liwiro likachepa katatu, mphamvu imachepa ka 27: 3 kuchulukitsa ndi 3, kuchulukitsanso ndi 3, ndi 27. Gawani 400 ndi 27, mupeza mawati pafupifupi 15. Ndipo liwiro likatsika pansi pa mamita 3, mapiko amangozungulira mokongoletsa bwalo, batire osalandira kanthu. Katswiri wa sayansi wa ku Germany, Albert Betz, anaonetsa kalekale kuti palibe makina otere amene angatenge kuposa 59.3 peresenti ya mphamvu ya mphepo yodutsa pamapiko ake, ndipo timakina tating'ono timathera cha m'ma 30. Sola yanga ya mawati 150, imene inali phee pambali osadzitama, inkadzaza batire kuposa chigayo changacho.

Sindinagonje. Ndinatsitsa makinawo n'kuwaika pamlongoti wa paipi wa mamita 12, womangidwa ndi zingwe zachitsulo mbali zinayi. Amisiri amati mapiko azikhala mamita 9 pamwamba pa chilichonse chimene chili mkati mwa mamita 150. Mitengo yoyandikira inali ya mamita 8, ndiye ndinangopitirira ndi 4, n'kudziuza kuti mphepo siyenda ndi tepi. Waya wokha ndinagula woyenera, wa 16 mm², chifukwa pa mavoti 12 mawati 400 ndi ma amp opitirira 30, ndipo waya woonda pamtunda wa mamita 30 umangosanduka mbaula.

Tsopano nkhani ya kontirola, kachipangizo koyang'anira magetsi olowa m'batire. Makinawa amatulutsa AC, magetsi oyenda mobwerabwera, pamawaya atatu. AC imeneyo imadutsa mu kachipangizo kotchedwa rectifier kuti ikhale DC, magetsi oyenda mbali imodzi amene batire limalandira. Kontirola ya mphepo, batire likadzaza, simadula magetsi. Imawapatutsira ku dump load, kachitsulo kotentha kongowononga mphamvu yotsalayo, kuti jenereta ikhalebe ndi katundu. Katunduyo ndiye buleki yake. Ine ndinali ndi kontirola ya sola yotsala m'kabati, ndipo ndinati kontirola ndi kontirola. Ya sola batire likadzaza imangodula. Sola ukaidula imakhala duu padzuwa, osadandaula. Makina a mphepo ukawadula ali ngati ngolo yoduka pamtsetse. Switchi ya buleki, imene imagundanitsa mawaya atatu aja kuti mapiko aleme n'kuima, ndinati ndidzaika Loweruka.

Lachinayi kunacha ndi dzuwa loswa mtengo, sola n'kudzaza batire mpaka pafupi ndi mavoti 14.4. Usiku kunabwera chimphepo chimene ndinachidikira miyezi isanu. Mita inakwera: ma amp 12, 20, 28. Ndinadzutsa mayi kuti adzaone ndi maso awo. "Mayi, munkati ndataya ndalama. Werengani nokha!" Akupukuta m'maso kuti awerenge, kontirola inati thapu, mita n'kugwera pa 0.

Kunjako kulira kunasintha. Kunayamba ngati njuchi, kenako ngati helikopita yofuna kutera pakhomo. Nsonga ya phiko, makina ali ndi katundu, imathamanga kasanu ndi kamodzi kuposa mphepo. Pa mamita 15 pa sekondi ndiye mamita 90, kupitirira makilomita 320 pa ola. Anga analibe katundu.

Ndinathamangira ku rectifier, tochi kukamwa, kachidutswa ka waya m'manja, kuti ndigundanitse mawaya atatu aja pamanja. Ndinaiwala kuti jenereta yothamanga yopanda katundu simakhalanso pa mavoti 12. Moto unati thethethe, dzanja linachita dzanzi mpaka m'chigongono, tochi inagwa n'kuzima. Ndipo buleki yotere imagwira bwino mapiko asanapenge. Akapenga kale, nthawi zina amangopitirira, makoyilo a waya a m'jenereta n'kupsa. Fungo lake ndinalimva ndili pansi, ndikufufuza tochi.

Kenako kunamveka phaa! Phiko limodzi linathothoka pamabawuti, amene ndinamanga ndi manati wamba m'malo mwa odzitsekera okha. Awiri otsalawo, posowa mnzawo wolinganiza kulemera, anayamba kuvinitsa mlongoti, zingwe zikulira ngati gitala, mpaka china chinazula chikhomo chake. Mlongoti unaweramira pansi pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati ukupepesa.

Kutacha ndinayamba kusaka phiko lija. Bwalo lonse linali lopanda kanthu, malo oti likanagwera paliponse. Ndinalipeza litazikika pakati penipeni pa sola, galasi lonse litachita ming'alu ngati ukonde wa kangaude.

Ndikuliyang'ana choncho, aneba anatulukira atanyamula mchira wa makina. "Achimwene, ichi ndachipeza pakhomo panga. Ndege yanu ija yafika bwino?" Ndisanayankhe, mayi anaima pakhomo, foni m'dzanja lina, tchaja m'dzanja lina. "Bambo, ma amp 28 aja munawasunga pati?"