Kadzidzi wanga wa pa intaneti

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi maakaunti awiri. Ina inali ndi dzina langa ndi nkhope yanga, ndipo kumeneko ndinali munthu waulemu, wosaiwala kufunira anzanga mafuno abwino pa tsiku lawo lobadwa. Inayo ndinaitsegula usiku wina mtima uli m'mwamba chifukwa cha mpira. Sizinanditengere mphindi zitatu. Dzina ndinangopeka, pa chithunzi ndinaikapo kadzidzi. Kadzidzi ameneyo anali ndi pakamwa!

Tsiku lina ndinanyoza mayi wina amene anadzudzula wosewera yemwe ndinkamukonda. Zomwe ndinalemba sindizibwereza pano. Mayiwo sanandibwezere chipongwe, anangondifunsa ngati ndikanayankhula choncho tikanakhala kuti tikuonana maso ndi maso. Ndinazimitsa foni. Patatha sabata akauntiyo ndinaifufuta, chifukwa cha manyazi basi, poti palibe amene anandigwira.

N'chifukwa chake anthu akamati mwano wa pa intaneti ungathe ngati aliyense atakakamizidwa kulembetsa kaye, ndimawamvetsa. Ndikudziwa momwe lilime limapepukira munthu akadziwa kuti sakuoneka. Koma mawu akuti kulembetsa timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mkangano wambiri umachokera pomwepa. Kwina ndi kutsegula akaunti imodzi yokhazikika, yotsimikizidwa ndi imelo kapena nambala ya foni, ngakhale dzina lake likhale la kadzidzi. Kwina ndi kupereka dzina lako lenileni ndi nambala ya chiphaso. Koyambako ndimakufuna. Kwachiwiriko ndimakuopa.

Taonani zomwe zinachitika ku Wikipedia. Mu Meyi 2005 munthu wina wosalembetsa analemba kuti mtolankhani wa ku America, John Seigenthaler, ankaganiziridwa kuti anatengapo mbali pa kuphedwa kwa pulezidenti wa dzikolo John F. Kennedy ndi m'bale wake Robert. Linali bodza lamkunkhuniza. Seigenthaler anagwirapo ntchito ngati wothandizira Robert Kennedy, ndipo ananyamula nawo bokosi pa maliro ake. Bodzalo linakhala poyera miyezi inayi. Mu Disembala chaka chomwecho Jimmy Wales, mmodzi mwa omwe anayambitsa Wikipedia, analamula kuti pa Wikipedia ya Chingerezi munthu wosalembetsa asamayambitsenso nkhani yatsopano. Sanafunse aliyense chiphaso. Mpaka lero anthu ambiri kumeneko amalemba ndi mayina opeka, koma dzina lopekalo limakhala ndi mbiri yake: chilichonse chomwe walemba chimaoneka, ndipo ukachita zamwano amakutsekera. Palinso kalamulo kena komwe ndimakakonda kwambiri. Nkhani zina zokopa anthu ovuta zimatetezedwa, moti sungazikhudze pokhapokha akaunti yako itakwanitsa masiku anayi ndipo utakonzapo zinthu kakhumi.

Masiku anayi. Ine usiku uja mkwiyo wanga sukanafika ngakhale m'mawa.

Dziko la South Korea linasankha njira inayo, ndipo linaiyenda mpaka kumapeto. Mu 2007 linakhazikitsa lamulo loti pa mawebusayiti akuluakulu munthu azitsimikizira kaye dzina lake lenileni ndi nambala ya chiphaso asanalembe kanthu. Mu 2009 lamulolo linakulitsidwa kuti likhudze webusayiti iliyonse yochezeredwa ndi anthu oposa 100,000 pa tsiku. Cholinga chinali chabwino, pakuti mphekesera ndi zitonzo za pa intaneti zinali zitasautsa anthu ambiri m'dzikomo. Koma mayina ndi manambala onsewo ayenera kusungidwa penapake, ndipo pomwe pasungidwa chuma mbala sizichedwa. Mu Julayi 2011 akuba a pa kompyuta analowa mu Nate ndi Cyworld, mawebusayiti akuluakulu a m'dzikomo, n'kuba zinsinsi za anthu pafupifupi 35 miliyoni, m'dziko la anthu pafupifupi 50 miliyoni. Mu Ogasiti 2012 khoti loona za malamulo oyendetsera dzikolo linathetsa lamulolo, oweruza onse atagwirizana chimodzi. Linati likupondereza ufulu woyankhula, komanso panalibe umboni wokwanira woti zonyoza zachepa kwenikweni. Anthu ambiri anali atangosamukira ku mawebusayiti a kunja, komwe lamulolo silinkafika.

Google nayo inayesa kukakamiza mayina enieni pa malo ake ochezera a Google+ mu 2011, ndipo mu 2014 inasiya n'kupepesa.

Koma chomwe chinandisokoneza mutu kwambiri ndi cha mpira womwewo. Pa 11 Julayi 2021, England inagonja kwa Italy pa mapenate mu fainolo ya Euro ku Wembley. Marcus Rashford, Jadon Sancho ndi Bukayo Saka anaphonya, ndipo usiku womwewo anatukwanidwa koopsa chifukwa cha khungu lawo. Ambiri tinathamangira kunena kuti awa ndi amantha obisala. Patatha mwezi Twitter inalengeza kuti mwa maakaunti omwe inawatsekeratu pa nkhaniyo, 99 pa 100 alionse eni ake anali otheka kuwazindikira. Ndiye kuti munthu atha kutukwana dzina lake lili poyera, chithunzi cha ana ake chili pambali, bola akhulupirire kuti anzake amuombera m'manja ndipo palibe chimuchitikire. Nanenso ndawaona anthu otero, ena ndi akuluakulu oti ukakumana nawo umawapatsa moni ndi manja awiri.

Ndiye dzina lenileni silimanga pakamwa pa munthu wamwano. Amene limamutsekadi pakamwa ndi wina. Ndi mayi amene anathawa mwamuna wankhanza ndipo sakufuna kuti amupeze. Ndi wantchito amene waona bwana akuba. Ndi mnyamata amene akufuna kufunsa za matenda omwe sangawatchule pamaso pa bambo ake. Anthu amenewa ukawauza kuti aonetse chiphaso, amangokhala chete n'kuchoka, ndipo sudzadziwa n'komwe kuti analipo.

Kulembetsa kwa mtundu woyamba kuja kumathandiza pa chifukwa china. Kumachititsa kuti munthu akhale ndi choti ataye. Dzina lomwe wakhala nalo zaka zitatu, anthu akulidziwa, ena akulikhulupirira, sungalitaye chifukwa cha penate imodzi. Ndipo ngati kutsegula lina kukufuna nambala ina ya foni ndi kudikira masiku angapo, wotukwana wa apo ndi apo ngati ine amagwa ulesi. Wouma mutu weniweni adzagula simu khadi ina, zimenezo sindikutsutsa, koma oterowo ndi ochepa, ndipo ochepa n'ngosavuta kuwathamangitsa kusiyana ndi chikhamu.

Apa mpamene eni malo ochezera ambiri amalakwitsa. Amaika chipata cha kulembetsa n'kupita kukagona, ngati kuti chipatacho chiziwerenga chokha madandaulo. Pamafunika munthu, wamaso ndi wamakutu, woti wina akadandaula ayang'ane lero lomwe, achenjeze kamodzi, kachiwiri atseke. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, yosayamikika, ndipo woigwira amatukwanidwa kuposa wina aliyense. Komanso chipata chili ndi mtengo wake: pali anthu abwino omwe akanaponyapo mawu amodzi anzeru akudutsa, koma akaona fomu amabwerera. Mtengo umenewo ine ndingaulipire, koma tisamanamizane kuti kulibe.

Mayi aja ndinawafufuza nditafufuta kadzidzi, kuti ndiwapepese ndi dzina langa lenileni. Sindinawapeze, chifukwa nawonso ankagwiritsa ntchito dzina lopeka, ndipo poona zomwe ndinawalembera, anachita bwino. Wosewera tinkalimbirana uja anasamukira ku timu ina chaka chotsatira.