Kachipangizo koyezera batire: sabata yachisanu, ndapeza chimene chinkasokoneza manambala

Papita masabata asanu chiyambireni kupanga kachipangizo koti kaziyang'anira batire ya sola ya kunyumba kwathu ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, ndipo sabata ino ndi imene ndamvetsa chifukwa chimene kankandinamizira m'mawa uliwonse. Batire yake ndi ya mtovu, ya ma volt 12, ndipo cholinga changa n'chakuti kachipangizoka kazilemba mphamvu yake mphindi khumi zilizonse, kenako kazizimitsa mababu isanatsike kwambiri, popeza batire ya mtundu umenewu sichedwa kufa ikamagwiritsidwa ntchito mpaka kutheratu.

Mtima wa kachipangizoka ndi Arduino Nano, kabolodi kakang'ono kamagetsi kotsatira pulogalamu imene munthu walemba, kamene kali ndi chip ya ATmega328P. Chip imeneyi imayeza mphamvu ya magetsi poigawa m'masitepe 1,024, choncho ikamayeza pakati pa 0 ndi ma volt 5, sitepe imodzi imakhala pafupifupi ma millivolt 4.9. Popeza batire imafika ma volt 14.4 ikamatchajidwa, siingalumikizidwe mwachindunji, ndiye ndinaika ma resistor (tizipangizo tochepetsa kayendedwe ka magetsi) awiri otsitsa mphamvuyo, wina wa 1 megohm ndi wina wa 330 kilohm. Ndinasankha akuluakulu chotero pofuna kuti asamadye moto wa batire usiku, ndipo apa m'pamene ndinadzitchera ndekha msampha.

Masana manambala ankagwirizana bwino ndi multimeter, chida chapamanja choyezera magetsi. Koma cha m'ma 5 koloko m'mawa kachipangizoka kankalemba 12.3 pamene multimeter inkaonetsa 12.6. Kwa munthu wosadziwa, kusiyana kumeneku n'kochepa, koma pa batire ya mtovu 12.6 ikutanthauza kuti yadzaza, pamene 12.3 ikutanthauza kuti mbali yaikulu ndithu yadyedwa kale. Tsiku lina mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Kodi bambo, tikhulupirire kanthu kanuka kapena mababu amene akuwala bwinobwinowa?" Ndinasowa choyankha.

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yoyesa zida zamagetsi zisanaperekedwe kwa anthu, ndipo ndaigwira zaka zoposa khumi. Timazisiya zikuyaka usana ndi usiku kuti zofooka zifere m'manja mwathu, timaziika m'bokosi lotenthetsa ndi kuziziritsa, ndipo chida chilichonse choyezera chimakhala ndi kapepala kosonyeza tsiku limene chinatsimikizidwa komaliza. Chinthu choyamba chimene ndimauza anyamata amene angoyamba kumene ntchito n'chakuti asasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa vuto likatha sadzadziwa chimene chalithetsa. Zochititsa manyazi n'zakuti kunyumba ndinatha masabata awiri athunthu ndikuchita zomwe ndimaletsazo: lero kusintha pulogalamu, mawa kusintha waya, mkuja kukayikira batire imene inalibe mlandu uliwonse.

Loweruka lapitali ndinaganiza zogwira kachipangizoka monga mmene ndimagwirira katundu wa kuntchito. Ndinachotsa batire n'kulumikiza power supply ya patebulo (chida chopereka magetsi a mphamvu yosasinthasintha), imene ndinaiika pa ma volt 12.6 osaisunthanso. M'mawa wa ku Mzuzu kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi umabwera ndi zinthu ziwiri pamodzi, kuzizira ndi chifunga chimene chimanyowetsa ngakhale zovala zopachikidwa pakhonde, ndiye ndinafunika kuzilekanitsa. Ndinatsekera bolodi m'botolo lagalasi pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel timene timapezeka m'mabokosi a nsapato, mawaya n'kuwatulutsira pachivindikiro, ndipo botololo ndinaliika m'firiji kwa ola limodzi. Nambala sinasunthe kwenikweni. Kuzizira kunapezeka kopanda mlandu.

Kenako ndinatulutsa bolodi, n'kuisiya kuti itenthere, ndipo ndinangoiuzira mpweya wa m'kamwa monga mmene munthu amachitira akafuna kupukuta magalasi. Ndikuyang'ana chomwecho, nambala inagwa kuchoka pa 12.6 kufika pa 12.2, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono pamene nthunziyo inkauma. Ndinabwereza kasanu, ndipo kasanu konse zinachitika chimodzimodzi. Nditatembenuza bolodi n'kuiunika ndi tochi ya foni, ndinaona zotsalira za flux (mankhwala othandiza powotcherera zipangizo pa bolodi), zofiirira ngati uchi wouma, zitamatirira pakati pa miyendo ya resistor yaing'onoyo. Flux ina ikayamwa chinyezi imalola magetsi ochepa kudutsa, ndipo nditawerengetsa ndinapeza kuti kanjira kobera ka ma megohm 10 okha n'kokwanira kutsitsa nambala ndi pafupifupi 0.3. Ndi ma resistor ang'onoang'ono kanjira kotero sikakanaoneka n'komwe. Chinanso, kabuku ka malangizo a chip imeneyi kamanena momveka bwino kuti mbali yoyezerayo imagwira bwino ntchito ngati gwero lake, kutanthauza ma resistor amene akuidyetsa, silipitirira ma kilohm 10, pamene langa linali pafupifupi 250. Tsamba limenelo ndinaliwerengapo kalekale, koma kuumira pa moto wa batire kunandiiwalitsa.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Ndinatsuka bolodi ndi isopropyl alcohol ndi mswachi wakale, ndinaika ma resistor a 33 kilohm ndi 10 kilohm, ndiponso capacitor (kachipangizo kothandiza kuti mphamvu isamagwedezeke) ya 100 nanofarad pafupi ndi mwendo wa chip. Ma resistor atsopanowa amadya pafupifupi 0.3 milliamp, imene batire ya m'nyumba siingaimve n'komwe. Kwa masiku anayi tsopano, kuphatikizapo Lachiwiri pamene chifunga chinakhalitsa mpaka 9 koloko, kusiyana ndi multimeter sikunapitirire 0.05.

Pali chinthu chimodzi chimene sichinandikhutiritsebe. Chip imayerekeza zonse ndi ma volt 5 amene ikudyetsedwa, ndipo amenewo akagwedezeka manambala onse amagwedezeka nawo. Ili ndi muyezo wake wa mkati wa ma volt 1.1, koma opanga amanena okha kuti ukhoza kukhala paliponse pakati pa 1.0 ndi 1.2, ndiye ndikadzaugwiritsa ntchito ndidzafunika kuyeza wa chip yangayi n'kusinthanso ma resistor. Zimenezo ndaziika Loweruka likubwerali. Mbali yozimitsa mababu sindiilumikiza mpaka nditasonkhanitsa manambala a m'mawa a masiku khumi ndi anayi otsatizana, ndipo pakadali pano kope lake lili pawindo, pambali pa multimeter yachiwiri imene ndabwereka kwa mnzanga wa ku Luwinga kuti nayonso yangayi ndiione ngati ikunena zoona.