Ukonde wa m'magazi ndi khansa ya azakhali anga

Azakhali anga akhala akupita ku Lilongwe kukalandira kemo, mankhwala olimbana ndi khansa, kwa miyezi ingapo tsopano koma chotupa chija sichikuphwa mmene timayembekezera, ndiye usiku tulo osabwera ndimangokhalira kuwerenga pa foni. Ndi mmene ndadziwira za ma neutrophil, maselo oyera a m'magazi amene amathamangira pa bala. Akakumana ndi tizilombo, ena amaphulika n'kuponya ukonde wa DNA yawo wodzaza ndi timankhwala topha mabakiteriya, ndendende asodzi a pa Senga Bay akamazinga usipa ndi chilimira. Anatulukira zimenezi ndi asayansi Brinkmann ndi Zychlinsky ku Berlin mu 2004.

Chondiwawa n'choti khansa imapezerapo mwayi. Imakopa ma neutrophil kuti atchere ukondewu mozungulira chotupa, maselo ena a chitetezo otchedwa T amene akanachipha osafikako, komanso maselo a khansa oyenda m'magazi amakodwamo n'kukamera ku chiwindi kapena m'mapapo. Kemo yomweyonso nthawi zina imachulukitsa maukondewa, magazi n'kumaundana m'mitsempha.

Pa mbewa, mankhwala odula ukondewu otchedwa DNase athandiza mankhwala a khansa kugwira bwino ntchito, pa anthu akadafufuzabe. Lachinayi ndiwaperekeza azakhali, ndikawafunse adokotala za mwendo wawo ukutupa uja, wandidetsa nkhawa kwambiri kuti mwina ndi magazi oundana aja.