Achimwene anawalowetsa mu kafukufuku ali chikomokere, ine n'kutsala ndi mapepala

Musanawerenge zinazi, gwirani ichi: akakupatsani pepala la kafukufuku kuchipatala, jambulani tsamba lililonse pafoni, ndipo lembani dzina ndi nambala ya nesi amene wakupatsaniyo. Ine sindinatero. Zinandidyera Loweruka lathunthu, shifiti imodzi, komanso mwezi wodikira envelopu yomwe sinandiuze kanthu.

Achimwene anagundidwa ndi galimoto ali pa njinga, akupita kuntchito ya usiku, mu November 2018 kuno ku England. Za ambulansi ndi kuthamanga kwanga sindinena, aliyense akudziwa mmene mtima umakhalira. Pofika ine n'kuti atawajambula kale m'mutu ndi makina a CT, apeza magazi akudontha pang'ono mkati, ndipo dilipi ili pamkono. Dokotala anandiuza kuti "ali pa 10". Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva. Kenako ndi pomwe ndinadziwa kuti pali muyeso wotchedwa Glasgow Coma Scale, woyambira pa 3 kulekeza pa 15, woona ngati munthu akutsegula maso, akuyankhula, ndi kusuntha akamuuza kapena akamutsina. Pakati pa 9 ndi 12 amati kuvulala kwapakatikati, 8 kutsika m'munsi ndiye zavuta. Muzifunsa nambala imeneyi tsiku lililonse, imakuuzani zambiri kuposa mawu oti "ali bwinoko".

M'mawa mwake kunabwera nesi wina wovala mosiyana ndi anzake, atanyamula fayilo. Anandikhazika m'kachipinda n'kunena kuti usiku uja achimwene anawalowetsa mu kafukufuku wotchedwa CRASH-3. Anawalowetsa kale! Magazi anandithamanga. Ndinamufunsa kuti anapempha ndani, poti pafomu yakuntchito kwawo dzina la "next of kin", wachibale woyamba kumudziwitsa zikavuta, ndi langa. Anandiyankha modekha kuti mankhwalawo amayenera kuperekedwa pasanathe maola atatu chivulalireni, ine kunalibe, wodwala sakanatha kuyankha, ndipo malamulo a kuno amalola madokotala kuyamba kafukufuku wotere pa zangozi n'kudzapempha chilolezo pambuyo. Anawonjeza kuti kukhala "next of kin" pakokha sikukupatsa mphamvu ya lamulo yosainira munthu wamkulu chilichonse. Zimenezi Amalawi ambiri kuno sitizidziwa. Timaganiza kuti zili ngati kwathu, komwe gadiyani amagona pansi pa bedi ndipo chilichonse chimadzera mwa iye.

Zomwe anandifotokozera ndi izi. Mankhwala ake ndi tranexamic acid, akalekale ndithu, omwe amapatsanso amayi otaya magazi ambiri pobereka. Ntchito yake ndi kuletsa thupi kusungunula magazi amene aundana kale pabala, kuti kudontha kusiye. Amapereka galamu imodzi pa mphindi 10, kenako galamu ina pang'onopang'ono kwa maola 8. Koma theka la odwala limalandira madzi amchere chabe. Mabokosi onse ndi ofanana, amasiyana nambala basi, moti dokotala, nesi, ngakhale wodwala palibe akudziwa kuti mwake muli chiyani. Mankhwala anali atatha kale kulowa m'thupi. Chomwe ankafuna kwa ine ndi kuvomera, m'malo mwa achimwene, kuti apitirize kulemba mmene akupezera mpaka masiku 28 kapena mpaka atatuluka. Ndikanakana, chithandizo chawo sichikanasintha ngakhale pang'ono.

Sindinasaine tsiku limenelo. Ndife anthu a mbumba, sindikanayika dzina langa papepala lokhudza mutu wa achimwene malume asanamve. Nesiyo anati palibe vuto, anandisiyira mapepala, n'kupita. Apa ndi pomwe ndinalakwa. Mapepalawo ndinawasiya pa kabati pambali pa bedi, usiku womwewo achimwene anawasamutsira ku wodi ina, ndipo sindinawaonenso. Jambulani pafoni, abale anga. Pompo, musanadzuke pampando.

Kuimbira kumudzi kunali nkhondo ina. Kumbukirani kuti chaka cham'mbuyo mwake, 2017, kunali mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu mpaka kuphedwa. Mayi atangomva mawu oti kafukufuku ndi magazi m'chiganizo chimodzi anayamba kulira. Malume anatenga foni. "Iwe, ukuti mwana wathu akumuyesera mankhwala ngati khoswe? Ndipo mwina angomupatsa madzi? Ngati mankhwalawo ndi abwino, bwanji osangomupatsa?" Ndinati, "Malume, funso lomwelo ndinafunsa ine." Ndipo ndinalifunsadi, kwa dokotala wamkulu pozungulira odwala. Yankho lake ndi lomwe linanditembenuza. Anati kwa zaka zoposa 30 madokotala ankapatsa anthu ovulala m'mutu mankhwala a steroid, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti amachepetsa kutupa kwa ubongo ndi kupulumutsa miyoyo. Atayesa bwinobwino pa odwala 10,008 mu kafukufuku woyamba wa CRASH, zotsatira za mu 2004 zinaonetsa kuti pa masabata awiri, 21 mwa 100 a olandira mankhwala anamwalira, pomwe a madzi chabe anali 18 mwa 100. Mankhwala omwe aliyense ankawadalira ankapha anthu owonjezera, ndipo palibe akanadziwa popanda gulu la madzi lija. Ndinawabwerezera malume zonsezi kawiri, netiweki ikuduladula. Anakhala chete, kenako anati, "Chabwino, saina. Koma uwafunse kuti wathuyo anamupatsa chiti."

Mawu otsirizawa ndi amene anandigwetsa m'dzenje.

Iyayi, ndayiwala china chofunika. Ndinasainadi Lachinayi, nesi wina atabweretsa mapepala atsopano, koma ndinasaina ndili chiimire m'khonde, ndikuthamangira basi, n'kuwabweza onse osatsala ndi langa. Kawiri konse kulakwitsa chinthu chimodzi. Ndipo achimwene atayamba kuzindikira bwino, cha m'sabata yachitatu, anawafunsanso okha, chifukwa siginecha ya mbale imangogwirizira mpaka mwini wake atatha kudzilankhulira. Anavomera. Anati ngati zalowa kale m'thupi, akakana apindula chiyani.

Tsopano Loweruka lija. Achimwene atatuluka, malume sanaleke kufunsa. Mauthenga m'mawa uliwonse pa WhatsApp: "Wafunsa?" Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire shifiti, ndinabwereka galimoto, ulendo wa kuchipatala. Pa wodi anati iwo sadziwa za kafukufuku, ndipite kolandirira alendo. Kolandirira alendo anandifunsa dzina la nesi. Ndilibe. Dzina la kafukufuku? Pa nthawiyo ndinali nditangokumbukira kuti muli mawu oti "crash", ndipo mtsikana wa pa desikiyo anaganiza kuti ndikunena za ngozi ya galimoto, n'kundilozera ku zangozi. Kumeneko ndinakhala pa benchi pafupifupi maola awiri pakati pa anthu othyoka miyendo, wina n'kubwera kudzandiuza kuti ofesi ya kafukufuku ili m'nyumba ina kuseri, kudutsa malo oimika magalimoto. Ndinayenda mvula ikundiwomba, kufika pakhomo, lotseka. Sagwira ntchito Loweruka. Panalibe ngakhale kapepala pachitseko konena nambala. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi chakuti anthu anayi osiyana ananditumiza uku ndi uku, koma palibe mmodzi yemwe anati, mayi, lero ndi Loweruka, bwererani Lolemba. Pobwerera ku galimoto makina oimikira anandilipiritsa ndalama yokwana chakudya changa cha masiku atatu. Ndinakhala m'galimotomo n'kulira, osati chifukwa cha achimwene, koma mkwiyo basi.

Ndikanakhala ndi chithunzi cha pepala lija pafoni, nambala inali pomwepo, ndikanaimba ndili kunyumba.

Mnzanga wina anandilangiza kuti ndipemphe fayilo yonse ya wodwala, mwina zalembedwamo. Apa mverani bwino kuti musataye nthawi ngati ine. Kuyambira May 2018 kupempha mapepala ako a kuchipatala ndi kwaulere, kale ankalipiritsa mpaka mapaundi 50, ndipo amayenera kuyankha pasanathe mwezi. Koma wopempha ndi mwini wake, kapena inu muli ndi kalata yosainidwa ndi iye pamodzi ndi chiphaso chake. Fomu yanga yoyamba anaibweza chifukwa ndinasaina ndekha. Yachiwiri anasaina achimwene, dzanja likunjenjemera. Patatha mwezi inafika envelopu yonenepa ngati Baibulo. Ndinafufuza tsamba ndi tsamba mpaka pakati pa usiku. Za kafukufuku ndinapezamo dzina lake, nthawi yomwe anayamba kuthira, ndi nambala ya bokosi. Nambala basi.

Amene anandithandiza pomaliza ndi a PALS, ofesi yomvera madandaulo ndi mafunso a odwala yomwe imapezeka m'zipatala za boma za NHS. Ndikanayambira kumeneko. Imelo imodzi, patatha masiku awiri nesi wa kafukufuku anandiimbira yekha. Anandiuza mosapita m'mbali kuti chinsinsi cha bokosi amachitsegula pokhapokha dokotala akafuna kudziwa kuti athe kuchiza wodwalayo, osati chifukwa banja likufuna kudziwa, ndipo kuti zimenezi zinalembedwa papepala lomwe ndinasaina. Pepala lomwe ndinalibe. Kukambirana konse sikunathe mphindi zisanu.

Zina ziwiri mwachidule. Ngati wodwala wanu amayendetsa galimoto, funsani dokotala za kudziwitsa a DVLA, ofesi yopereka ziphaso zoyendetsera galimoto, musadikire kuti akukumbutseni. Ndipo bungwe la Headway, lothandiza anthu ovulala ubongo ndi mabanja awo, ndi lomwe linatifotokozera kuti kupsa mtima msanga ndi kuiwalaiwala kwa achimwene ndi mbali ya kuvulalako, si kuti asintha khalidwe. Mlamu wanga zinamuthandiza kwambiri kumva zimenezo.

Zotsatira zinatuluka mu October 2019 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Kafukufukuyu ankayendetsedwa ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, ndipo munalowa odwala 12,737 m'zipatala 175 za m'mayiko 29. Pa ovulala pang'ono ndi apakatikati, gulu la achimwene, omwalira ndi kuvulala kwa m'mutu anali 5.8 mwa 100 kwa olandira mankhwala, ndi 7.5 mwa 100 kwa a madzi. Kwa ovulala kwambiri panalibe kusiyana koonekeratu, koma kwa gulu la achimwene lija kupereka msanga ndiye kunkathandiza koposa. Ndinawatumizira malume manambalawa. Anayankha ndi uthenga wa mawu: "Zikomo. Nanga wathuyo anali mbali iti?"

Achimwene eni ake akuti iwo akudziwa kuti analandira mankhwala enieni, chifukwa madzi amchere sangadzutse mwamuna wa ku Ntcheu. Mayi akuti anali mapemphero a amayi a Mvano. Njinga ija anaigulitsa, pano amakwera basi. Nambala ya bokosi ndinaijambula, ili mufoni mwanga.