Nsomba zinatipusitsa banja lonse

Pa nkhani yonamiza anthu kuti zikufa ndi njala, palibe chiweto chofika pa nsomba. Ndinagula thanki yagalasi ya malita 60, hita yosunga madzi pa madigiri 25, sefa yong'ung'uza usiku wonse, ndi tinsomba ta mitundu iwiri: ma guppy a michira yamawangamawanga ndi ma neon tetra a kamzera kowala. Wogulitsa anandipatsa lamulo limodzi: zipatseni zomwe zingamalize m'mphindi 2 kapena 3, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, basi. Nditafika kunyumba ndinasonkhanitsa banja n'kulengeza kuti wogwira chitini cha chakudya ndine ndekha.

Koma ukangodutsa pafupi ndi thanki, zonse zimathamangira pagalasi, kukamwa yasa, maso tong'o. Pajatu nsomba zilibe zikope, ndiye zimakuyang'ana osaphethira mpaka uyambe kudziona wankhanza. Ndikadzuka usiku kukamwa madzi, ndinkatapako pang'ono ndi zala ziwiri n'kuziwazira mwakachetechete. Kungotapako chabe, ndinkadziuza choncho.

Posakhalitsa madzi anayera mbuu, moti nsomba yakumbuyo sinkaonekanso. Pabalaza panayamba kumveka kafungo, aliyense n'kumayang'ana mnzake cham'mbali. Tinkhono, timene sindinagule n'komwe, tinadzaza pagalasi. M'mawa wina ndinapeza nsomba zonse zili pamwamba pa madzi, kukamwa kukungotseguka ndi kutsekeka. "Kalanga ine, njala yafika pamenepa?" Ndinathira chakudya chowirikiza. Palibe inakhudzako.

Ndinaitana mlamu wanga, amene anayamba kale kuweta nsomba zotere. Anavundukula thanki, ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo. "Alamu, mukuweta nsomba kapena mukufulula mowa?"

Anandikhazika pansi. Chakudya chotsala chimamira n'kukaola pakati pa timiyala, ndipo pamodzi ndi ndowe za nsombazo chimatulutsa amoniya, amene amaotcha ziwalo zomwe nsomba zimapumira. Mu sefa mumakhala mabakiteriya osandutsa amoniyayo kukhala nitrite, kenako nitrate yemwe ndi wochepa ululu, koma ntchito ikawachulukira amalephera. Kuyera kwa madziko anali mabakiteriya ena oswana pa zoolazo, akulanda okosijeni. Tinkhono nato timachuluka pomwe pali zotsala. "Zili pamwambazi sizikupemphani kanthu. Zikufuna mpweya."

Kenako anagwedeza chitini chija. Chakudya choti chikhale miyezi chinali chitatsala pansi penipeni. Apo mlandu unayamba.

"Bambo a ana, ine ndimangoziponyera mukapita kuntchito," anatero akazi anga. "Zimandimvetsa chisoni." Mwana wathu woyamba anavomera kuti amazipatsa popita kusukulu ndi pobwera. Mzime wathu anati iye sagwira chitini, amangozigawira zinyenyeswa za bisiketi chifukwa zimakonda. Apongozi, amene anali atabwera kudzacheza, sanapepese n'komwe. "M'nyumba yomwe muli ine, palibe chamoyo chogona ndi njala." Ine ndinkangopukusa mutu mwaukali, kuwayang'ana mmodzimmodzi, mpaka mzime uja anafunsa: "Nanga ababa, usiku uja munkatani pathanki ndi tochi?"

Chilango chinagwera ine. Tinayenera kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, kukoka zoola za m'timiyala ndi kapaipi, n'kuthiramo madzi ena ofunda mofanana, titadonthezamo mankhwala ochotsa klorini wa m'madzi a pampopi. Kuti kapaipi kayambe kukoka, mlamu anati ndiyamwe mbali inayo. Ndinayamwa ndi mphamvu zanga zonse. Madzi aja, ndi bisiketi wake womwe, anafika kukhosi. Ndikutsokomola misozi ili mbwembwembwe, iye anati, "Mumayamwa pang'ono, alamu, n'kuchotsa pakamwa msanga." Mawu amenewo akanabwera poyamba.

Analamula kuti nsomba zisale kudya masiku 3, n'kutitsimikizira kuti nsomba yaikulu yathanzi imatha sabata osadya. Chitini chinatsekeredwa m'kabati. Nkhawa yanga inali pa guppy imodzi yomwe mimba inali itatupa kwambiri, ndinkati iphulika chifukwa cha ife. Sindinkadziwa kuti ma guppy saikira mazira, amabereka ana amoyo, pafupifupi mwezi uliwonse.

M'mawa wotsatira ndinaona tiana tating'onoting'ono tikuyandama m'mbali mwa zomera. Ndinafuula kuti aliyense abwere adzaone. Pomwe banja linkafika, mayi wake wa tianato ndi anzake anali atayamba kale kutimeza, kamodzikamodzi, mosapupuluma.

Apongozi anayang'anitsitsa, manja ali kumbuyo, kenako anatembenukira kwa ine. "Mwaonatu, bambo. Ndinanena ine kuti ndi njala. Makiyi a kabati ali kuti?"