Zikomo nonse amene munatigwira mkono pa maliro a Bambo

Tawaika Bambo Loweruka ku manda a Mbudzi kuno ku Harare. Mawu anga sanabwererebe ndipo mutu ukulemera, choncho mundikhululukire, ndithokozera pompano chifukwa kuimbira aliyense foni sindingakwanitse.

Amayi a mpingo wathu wa CCAP, munagona nafe pa siwa m'kuzizira konse kuja, kuimba mpaka mbandakucha, Mulungu akubwezereni. Akuluakulu a bungwe lathu la maliro, bokosi ndi basi zinafika tisanapemphe kawiri. Anyamata a muno mu Mufakose amene munatema nkhuni, kutunga madzi ku mjigo ndi kukwirira manda, zikomo. Abale a ku Joni ndi ku Ntcheu, chipepeso chanu cha pa Mukuru ndi EcoCash chinafika ndipo chinalembedwa m'buku.

Koma a Sajeni. Ine sindikudziwa ndiyambire pati.

Ambiri munangowaona ataima njo pafupi ndi bokosi, jekete lakale, osalankhula ndi munthu. Si m'bale wathu. Kwawo ndi ku Mutoko, ndipo Chichewa chawo n'chongotola kwa Bambo. Anadziwana ku usilikali m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene asilikali a Zimbabwe ankaperekeza malole kuchokera pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete mpaka pa Zobue, zigawenga za Renamo zikubisalira m'mbali mwa msewu. Bambo anabadwira kuno, ana a munthu amene anachoka ku Ntcheu nthawi ya Nyasaland kudzafuna ntchito ku Salisbury n'kutchona. Ndiye tangoganizani, ankafika pa Zobue, Malawi akumuona apo, mfuti ili pa phewa, n'kutembenuka kubwerera. Za m'njiramo sankatiuza. Ndazimva sabata ino kwa a Sajeni, usiku pa moto, ndipo zina ndawapempha kuti asawauze Amayi.

Sitiroko itawagwira Bambo, ife ana aakazi tinasowa pogwira, chifukwa sakanalola kuti tiwasambitse, ndipo mchimwene wanga ali kunja. A Sajeni anangofika tsiku lina m'mawa ndi kathumba ka pulasitiki, muli lezala, sopo ndi kathaulo. Kuyambira apo anali iwo. Kuwanyamula, kuwasambitsa, kuwasintha matewera, kuwameta ndevu pang'onopang'ono mbali ija inapuwala, uku akuwanyoza kuti msilikali wanji wa ndevu ngati mbuzi. Bambo ankaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Ndalama ya kombi, yokwerera minibasi, sanalandirepo. Amayi atawakakamiza, anaitenga n'kukagula mkaka wa wodwala.

Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, Bambo anavula yunifolomu n'kulowa ukalaliki m'boma. Zaka zonsezo ankachoka kunja kusanache, tayi pakhosi, mafayilo a anthu osawadziwa akuwasamala ndi manja awiri. Anzawo ena anamanga nyumba za m'mwamba ndi malipiro omwewo, tisafunse kuti bwanji. Iwo anatisiyira ya zipinda zinayi yomweyi, ndi sukulu. Madzulo aliwonse ankandandalika nsapato zathu pakhonde n'kuzipolisha okha, kuyambira za wamng'ono, zawo pomalizira. Ndalama ya penshoni inasanduka mapepala mu 2008, koma sindinawamvepo akutukwana. Chinawapweteka kwambiri ndi lamulo la 2001 lija, lomwe linachititsa anthu obadwira kuno, a makolo ochokera ku Malawi, kuyamba kuonedwa ngati alendo. Munthu woti anatchingira dzikoli zipolopolo. Malamulo atsopano a 2013 atabwera, anavala suti n'kukaima pa mzere wa chitupa, a Sajeni ali pambali pawo atawanyamulira mpando.

Kwa ena a magazi athu amene munali otanganidwa miyezi yonseyi, foni zanu zosapezeka, koma Lamlungu m'mawa munafika kudzafunsa za makalata a nyumba: tinakuonani. Amayi akadali moyo ndipo akukhala momwemo. Ndisiyire pomwepo, Ambuye andigwire pakamwa.

Ambuye Yesu, mwatitengera mzati, koma simunatisiye tokha. Alandireni Bambo, apumule. Muwasunge Amayi, amene mpaka pano akudzukabe usiku kuti akawatembenuze.

A Sajeni, ndikudziwa Facebook mulibe, mdzukulu wanu akuwerengerani. Munati tisakuthokozeni pagulu, koma pamenepa pokha sindikumverani. Mendulo za Bambo banja lagwirizana kuti zikhale kwa inu, ndipo tidzabweretsa tokha ku Mutoko tikamaliza zosesa. Musakane ngati ya kombi ija.

Amene munatibwereka mapoto, mabenchi ndi tenti, zonse zili kuseri kwa nyumba, zotsuka kale. Poto wamkulu wopanda chivundikiro sitikudziwa mwini wake, tiuzeni.